Nsambo Zinayi ndi Khutu Limodzi

Agogo anga aamuna, amene anakalambira m'mudzi wa kufupi ndi Magwero, kumene amishoni a Dutch Reformed anamanga misasa yawo m'chaka cha 1899, anali oimba kaligo. Ndipo chingakhale kaligoyo anali wa nsambo imodzi yokha ndi kauta kokhota, iwo akamukwecha madzulo pakhonde, amayi opeta ankaimika malichero. Tsono pamene ndinabwerera kuchokera ku Lusaka, kumene ndinaphunzira zoimba pa Evelyn Hone College, nditanyamula vayolini m'bokosi lake, nkhalambayo inaitembenuza uku ndi uku, niti, "Mdzukulu wanga, kaligo wa Azunguyu wachulutsa nsambo, kodi khutu lako lidzaziweta zonse zinayi?" Funso lomwelo ndilo ndimafunsa chamumtima aliyense wondiodira pakhomo panga ku Kapata kuti ndimuphunzitse.

Pakuti vayolini siili monga gitala, imene pakhosi pake pali tizitsulo touza chala poima. Khosi lake ndi losalala, kotero kuti chala chikaphonya pang'ono pokha, ngati kanjere ka mawere, mawu asokera, ndipo palibe wowabweza koma khutu. Nchifukwa chake tsiku loyamba sindipatsa munthu uta. Ndimamuimbitsa ndi pakamwa. Apa ife a ku Chipata tili ndi chuma chimene sitichiwerengera, popeza wokulira m'kwaya, kaya ya ku St Anne's kaya ya ku Reformed, do re mi anayamwira. Ndikangomuuza kuti nsambo iliyonse italikirana ndi inzake monga do atalikirana ndi so, iye wamva kale.

Ana a zaka 6 ndimawayambitsa pa kavayolini kolingana ndi mkono wawo. Iwo sachita manyazi ndi kulira kwa nsambo, kumene miyezi yoyamba kumamveka ngati mwanawankhuku wogwidwa ndi kabawi. Otopa msanga ndi makolo, amene amafuna nyimbo yathunthu mwezi usanathe, ndipo ndimawakumbutsa mwaulemu kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Nyengo ya kuno nayo ndi mdani wosagona. M'dzinja zikhomo zomangira nsambo zimatupa ndi chinyontho nizikana kupota. M'chilimwe zimauma nizimasuka zokha. Bambo wina, atagula vayolini yonyezimira yotsika mtengo, chikomekome cha mkuyu, anaisiya m'galimoto dzuwa la Okutobala lili paliwombo, ndipo guluu atasungunuka, khosi linachoka ngati la nkhuku ya alendo. Uta ndi wa ubweya wa kumchira kwa kavalo, wopakidwa utomoni wa paini kuti ugwire nsambo. Utomoniwo pamodzi ndi nsambo ndimachita kuitanitsa ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 500 pa Great East Road, motero nsambo imodzi ikaduka Lolemba, mwana amakhala sabata akuimba pa zitatu.

Koma amene ndimawakumbukira koposa ndi agogo ena a Chigwirizano, amene anafika atavala duku loyera, nakhala pansi pamkeka, nati, "Aphunzitsi, zala izi zagwira khasu zaka 50, kodi zidzamvera?" Nditawafunsa mawu amene amaimba m'kwaya, anati alito, pomwepo ndinawatengera viyola, mkulu wake wa vayolini, imene ilibe nsambo yaing'ono yolira pamwamba ija, koma m'malo mwake ili ndi ina yaikulu yolira pansi, ndipo mawu ake ndi ofatsa ngati a mayi wotonthoza pamaliro. Zalazo zinakanadi nthawi yaitali, phewa linawawa, adzukulu awo ankaseka kuseri kwa nkhokwe. Koma khutu lawo, limene linakula ndi nyimbo za Mulungu chiyambire ubwana, silinawalole kudutsa pa mawu okhota osabwerera.

Mvula yachiwiri itagwa, tinali kuimba awiri nyimbo ya Khirisimasi, ine pa vayolini iwo pa viyola, ndipo tili pakati anatsitsa uta, nawerama pang'ono monga achitira munthu wopepesa kwa mfumu.

"Aphunzitsi, mundikhululukire, sindikudziwa ngati nkoyenera kuti ndinene, koma nsambo yanu yachitatu yatsika."

Ndinaikhudza ndi chala. Inali itatsikadi.