Nkhafi za achimwene

Mwezi wa June ndinawalalatira amalume anga kudoko anthu onse akumva. Ena a inu munali pompo, ndiye palibe chobisa.

Zinali chonchi. Achimwene anakonzeka kupita ku usipa madzulo, koma nkhafi zawo osaoneka. Ine ndinali nditawaona amalume akuzilowetsa pansi pa thandala. Mtima unangoti phwii! Usipa umenewo ndi umene ukanandigulira nsapato za kusukulu. Ndinakuwa kuti, "Amalume, nsanje imeneyi ikupindulirani chiyani?" Iwo anangondiyang'ana, n'kumapita.

Usiku agogo anandiitana pamkeka. Agogo ndi a Qadiriyya, aja osaphonya sikiri, ndipo sakalipa, amangokuyambira nkhani. Anandifotokozera za Mneneri Musa ndi Khidr, zimene zili mu Surat Al-Kahf, sura ya 18. Musa anapempha kuyenda ndi Khidr kuti aphunzire, ndipo analonjeza kupirira osafunsa. Atangokwera chombo cha anthu osauka, Khidr anachiboola. Musa sanaugwire mtima, anamudzudzula pompo kuti afuna kumiza anthu. Pamapeto pake ndi pamene anamva kuti kutsogolo kunali mfumu yolanda chombo chilichonse chabwino. Choboolacho inachisiya, eni ake n'kutsala nacho.

Ndinati, "Agogo, ameneyo anali Khidr. Amalume ndi amalume basi."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Nanga iwe ndiwe Musa? Iye uja anali mneneri, koma anaona bowo lokha, mfumu sanaione."

Ndinagona ndikupempha mumtima kuti mwera usawombe, kuti wolakwa asakhale ine. Sunawombedi. Nyanja inagona bata, anzawo a achimwene anabwera ndi usipa wodzaza mabigili, ine n'kumayenda monyada.

Chakumasana amalume anagadabuza bwato lija. Pansi pake panali mng'alu wautali ngati mkono wanga, wongomatidwa phula pamwamba. Kani anali atawauza achimwene kawiri kuti likonzedwe kaye, iwo osamva. Usipa amakaupha kutali, usiku, ndipo uko ulibe pothawira madzi akayamba kulowa.

Mpaka pano ndimaganizabe kuti akanangonena poyera m'malo mobisa nkhafi. Koma kodi ine ndinawafunsa?

Nsapato sindinagule, mwaziona nokha zimene ndikuvala. Lachisanu lapitali nditaweruka ndinawapititsira amalume tiyi kumene akukonza bwatolo. Mawu akuti pepani anandikanira pakhosi. Analandira kapu, n'kundiuza kuti ndigwire thabwa akhome msomali.