Madzi Obisala M'botolo

M'mwezi wa June chifunga cha ku Luwawa chimatsika m'mitengo ya paini ya m'nkhalango ya Viphya n'kukhala pansi mpaka dzuwa litakwera. Chimanyowetsa zovala pachingwe, mchere m'mbale ndi choko chomwe. M'nyengo yotereyi mphunzitsi wina wachinyamata, pasukulu ina yoyandikana ndi nkhalangoyo, adafuna ethanol wopanda madzi woti akagwiritse ntchito pophunzitsa a Folomu 4.

Ethanol ali ndi khalidwe louma mutu. Ngakhale munthu atamtcheza kambirimbiri monga achitira amayi ndi kachasu, sapitirira magawo 96 pa 100. Magawo anayi otsalawo ndi madzi okakamira. Mphunzitsiyo adakumbukira kuti kukoleji ankaumitsa ether ndi chitsulo cha sodium, ndipo adatambasulira dzanja kubotolo momwe chitsulocho chimasungidwa m'parafini.

"Aphunzitsi, pepani, limenelo lisiyeni," adatero bambo wachikulire wosamala labotale, amene adalibe setifiketi ina iliyonse koma chipsera cha pamkono.

"Adada, zimenezi ndidaziphunzira."

"Mudaphunzira za ether. Uyu ndi ethanol."

Mkuluyo sadalakwe. Sodium akakhudza madzi amatentha ndi kutulutsa mpweya wa hydrogen umene suchedwa kuyaka, ndipo ethanol yemweyo amadyana naye n'kutulutsa mpweya womwewo. Kusakaniza zimenezi m'chipinda modzaza ana, pafupi ndi lawi la moto, kukadakhala kuitana maliro. Nkhalango nayo idali pakhomo, ndipo anthu a ku Chikangawa amadziwa mmene paini amayakira.

Mnyamatayo adachita manyazi, pakuti kudzudzulidwa ndi wantchito wako n'kowawa, komabe adamvera. Adathira laimu wosazima, uja wotchedwa calcium oxide, pang'onopang'ono poti naye amatentha akamamwa madzi. Adatseka botolo, naligoneka usiku wonse. M'mawa adatsegula mazenera, nazimitsa moto uliwonse, natcheza ethanolyo m'mphika wa madzi otentha ndi magetsi, chifukwa iye amawira pa madigiri 78, madzi asanafike powira.

Poyesa adatenga ufa woyera wa copper sulphate wowotcha, umene umasanduka wobiriwira ngati thambo ukalawa madzi. Ufawo udakhalabe woyera. Mphunzitsiyo adamwetulira, nathamangira kukadya, botolo n'kulisiya kukamwa.

Madzulo, pamaso pa ophunzira, adabwereza kuyesako monyadira. Ufa uja udayamba kubiriwira. Ethanol wouma ndi waludzu: adali atamwa chinyezi cha m'chipindamo tsiku lonse. Ana adaseka. Mkulu uja sadaseke. Adatola chitsekero pansi pa tebulo, nachipukuta pamalaya, nachiika m'dzanja la mphunzitsiyo.

"Laimu akadalipo, aphunzitsi," adatero. "Tiyambirenso."