Ngolo za m'kanema ndi ulendo wa agogo athu

Ana a masiku ano amaonera kanema pa foni ali chigonere. Ife ku Njuli, zaka za m'ma 1960, kanema tinkamudikira ngati mvula yoyamba. Galimoto ya kanema ikafika pabwalo la sukulu, ankamanga chinsalu choyera pamitengo iwiri, injini n'kuyamba kulira, mudzi wonse n'kukhala pansi pafumbi. Nditayamba ntchito ku Blantyre, ndinkasunga timakobidi kuti Loweruka ndikaonere kanema ku Apollo.

Amene ankatikoka mtima anali makauboyi. Chingerezi sitinkachimva, koma nkhani yake inali yosasowa womasulira: banja lalongedza katundu m'ngolo yokokedwa ndi akavalo, mayi wakumbatira mwana, bambo mfuti ili pamwendo, akupita kukafuna malo olima. Amalume amene anagwirako ntchito kumigodi ya ku Kitwe ankati kumeneko kauboyi aliyense wolimba mtima ankamutcha Jeki. Ndimakumbukira kanema wa Shane, wa 1953, m'mene Alan Ladd anathandizira alimi osauka amene mwini ng'ombe zambiri ankafuna kuwathamangitsa paminda yawo. Kanema ameneyo ndimamukondabe.

Komatu nkhani ya banja loyenda ulendo wautali kufuna nthaka ife tinali nayo kale m'nyumba. Agogo aakazi, Mlomwe weniweni, ankasimba za m'mene makolo awo anachokera ku Mozambique kuthawa nkhanza za Apwitikizi, wapansi, mitolo pamutu, mbewu zomanga pansalu, kuzungulira phiri la Mulanje mpaka kufika kuno. Ngolo analibe, kavalo analibe. Ku America, lamulo la 1862 linkapatsa banja maekala 160 likakhalapo ndi kulima zaka zisanu. Kuno, esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero inali ndi maekala oposa 160,000, ndipo mlendo wofika ankapatsidwa pomanga nyumba posinthana ndi thangata. Mwezi umodzi wolipira malo, wina wa msonkho, m'minda ya thonje ndi fodya, koma miyeziyo inkatalikitsidwa mmene kapitawo wafunira. Ankati mimba ikulira, munda wako ukumera tchire, iwe uli kupalira wa mzungu.

N'chifukwa chake agogo, tikamakuwa kuchemerera angolo aja, iwo ankafunsa za anthu ovala nthenga kumutu amene ankaomberedwa: “Kodi amenewo kwawo n'kuti?” Kwawo kunali komweko, ndipo kanema sankawapatsa mpata woyankhula.

John Chilembwe anaiona America imeneyo ndi maso ake, pakuti anaphunzira ku Lynchburg, ku Virginia, asanabwere kudzatsegula misheni ya PIM ku Mbombwe mu 1900. Matchalitchi ake a udzu pa esiteti ya Bruce ankatenthedwa. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake anapha William Jervis Livingstone, woyang'anira esitetiyo, ku Magomero, ndipo ambiri mwa iwo anali Alomwe ndi Ayao otopa ndi thangata. Boma la atsamunda linagumula tchalitchi cha njerwa cha ku Mbombwe, ndipo misheni inakhala yotseka mpaka Dr. Daniel Malikebu anadzaitsegulanso mu 1926.

Inu achinyamata amene mukujambula mafilimu ku Blantyre ndi ku Lilongwe, bwerani kuno ku Chiradzulu. Nkhalamba zimene zinamva nkhanizi pakamwa pa eni ake zatsala zochepa, ndipo njira ya ku Magomero ndi ku Mbombwe tidzakulondolerani ndife.