Ma Python awiri m'laputopu imodzi

Anzanga a m'gulu muno, musandiseke. Ine ndimagulitsa mbatata ya kachewere mumsika wa Zomba ndipo sukulu ndinalekezera Fomu 4, koma lero ndikuuzani za Python. Si nsato ayi, ndi chiyankhulo cholembera mapulogalamu a pakompyuta.

Kwathu ku Mulunguzi ndine mlembi wa banki mkhonde. Mu 2017 mlongo wanga, ali ku Chanco, anandilembera kapulogalamu kowerengera masheya ndi chiwongoladzanja. Anandisiyira pamodzi ndi laputopu yake yakale, ndipo chaka chilichonse mu Disembala pogawana ndalama ndimangolowetsa manambala, iko n'kutulutsa gawo la aliyense.

Chaka chatha mwana wa achemwali anayamba kuphunzira zakompyuta, n'kumabwereka laputopu ija. Anapeza muli Python 2, akuti ndi wachikale, eni ake anasiya kumusamala pa 1 Januwale 2020. Anamuchotsa n'kuikamo Python 3, osandiuza. Kutatsala masiku atatu kuti tigawane, ndikutsegula kapulogalamu kanga, kakana. Thukuta linandituluka ngakhale kunali kamphepo kochokera kuphiri.

Iye anati, "Anti musadandaule, ndi za print chabe." Akuti mu Python 3 mawu amenewa amafuna mabulaketi pomwe mu 2 sankafuna. Anakonza, kanayenda. Koma manambala anasiyana ndi amene ndinali nditalemba kale m'kope sabata yapitayo. Wina K40, wina K75. Mudziwa inu, pa ndalama za gulu K40 si yochepa. Mawa lake ukhoza kumva kuti mlembi wayamba kudya.

Tinakhala mpaka usiku kufufuza. Nkhani inali pa kugawa. Mukauza Python 2 kuti agawe 7 ndi 2, amakupatsani 3, chotsalacho amataya. Python 3 amakupatsani 3.5. Ndiye kuti zaka zonsezi mtengo wa sheya imodzi unkadulidwa matambala, ndipo amene ali ndi masheya ambiri ndiye ankaluza kwambiri. Ndipamene ndinamvetsa za tindalama timene tinkatsala m'bokosi chaka ndi chaka, tomwe tinkagulira zakumwa tikumati ndi madalitso. Kumeneko kunandipweteka kuposa kukana kwa kompyuta kuja.

Mwanayo ankafuna tingopitirira ndi watsopano. Ine ndinakana. Kumsika ndili ndi ndowa komanso chigoba, ndipo kasitomala akakayika ndimamuyezera muzonse ziwiri akuona. Ndinati abwezeretse wakale uja, akhale onse awiri. Zimatheka ndithu: pa Windows aliyense amakhala mufoda yake, ukalemba py -2 umadzutsa wakale, ukalemba py -3 umadzutsa watsopano. Kapulogalamu kanga tinakasunga pawiri, kakale osakakhudza, kokonzedwa pambali. Za kusukulu kwake anazitsekera m'kachipinda kakekake kotchedwa venv, kuti zimene akuikamo zisamafike kwa ine.

Tsiku logawana ndinanyamula laputopu kupita nayo pakhonde pa amayi apampando. Ndinawerengera kawiri pamaso pa onse, manambala akale ndi atsopano, n'kufotokoza za matambala aja. Kunali zii. Kenako mayi wina wachikulire anafunsa kuti nanga za zaka zapitazo tibwezerana bwanji, poti zakumwazo tinamwa tonse. Nkhaniyo sitinaimalize, tinaiika pa msonkhano wa mu Januwale. Tinagawana potsatira Python 3, ndipo pachivundikiro cha laputopu ndinamatapo kapepala: osachotsa kanthu usanandifunse.