Mamilimita Asanu ndi Theka

Mng'ono wanga ali ndi njinga yamoto ya ku China, ya mtundu uja wamiyendo yaitali woyenda pa tala ndi m'tchire momwe. Njinga imeneyi ndiyo imadyetsa banja lathu ku Bindura. M'mawa uliwonse amaimangirira zigubu ziwiri za dizilo, thumba la ufa ndi kapenta, n'kulowera kumapiri a m'chigwa cha Mazowe kumene anthu okumba golide paokha, amene kuno timati makorokoza, amagona m'misasa. Pa tala njingayo inalibe vuto. Ikangofika pachitunda cha miyala ndi pamene inkalira ngati mbuzi yomangidwa, iye n'kutsika kumaikankha ali m'giya yoyamba.

Nditalandira ndalama za buku limene ndinamasulira, ndinamugulira ku Harare silinda yaikulu, pisitoni yake, maring'i ndi magasiketi, zonse m'katoni imodzi. Ndinali nditawerenga mokwanira. Injini yake, yolembedwa 156FMI, anaitengera ku Honda CG125. Bowo la silinda yake ndi mamilimita 56.5, ndipo pisitoni imayenda mamilimita 49.5 kukwera ndi kutsika, zomwe zimapereka 124cc. Silinda yatsopanoyo bowo lake ndi mamilimita 62. Pisitoni ikuyenda mtunda womwewo, koma injini ikukhala ya 149cc. Kusiyana kwake ndi mamilimita asanu ndi theka basi, osafika ngakhale kutalika kwa njere ya chimanga. Ndinakwera basi ya ku Bindura katoniyo ili pamiyendo, ndikudziona ngati mwana wothandiza.

Bambo anaitsegula ali pakhonde, napapasa mkati mwa silindayo ndi chala. Iwo anagwira ntchito yokonza makina kumigodi ya kuno zaka makumi atatu. Tauni ino imapuma ndi migodi, Freda Rebecca wa golide komanso kale Trojan wa nickel, ndipo m'makomboni ake Chichewa sichinathe. Agogo anachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950, nthawi imene anthu a ku Nyasaland ankakhamukira ku Rhodesia kudzafuna ntchito, ndipo sanabwererenso. Kumudzi anthu otere amati matchona. Kuno ankatitcha mabhurandaya, ngati kuti tonse tinachokera ku Blantyre. Bambo anabadwira konkuno, komabe chitupa chawo chinalembedwa ALIEN, ndipo lamulo la 2001 linawasiya opanda dziko mpaka malamulo aakulu a 2013 atabweza unzika kwa anthu onga iwo. Penshoni yawo inasungunuka ndi kugwa kwa ndalama mu 2008. Chimene chinatsala ndi bokosi la masipanala ndi manja awo.

"Wagula mapapo aakulu," anatero. "Nanga mafupa wagula?"

Sindinawamve, ndiye anandiwerengera. Ndodo yogwira pisitoni ndi yomweyo, mabering'i ake ndi omwewo, kilatchi ndi yomweyo. Mutu wa injini nawonso sunasinthe, choncho mpweya wochuluka uzipanikizidwa m'kachipinda kakang'ono komweko, ndipo injini izitentha kuposa kale, pamene choiziziritsa ndi mphepo yokha. Ndinayankha kuti anthu ambiri amachita zimenezi ndipo zimayenda. Iwo anati n'zoona, zimayenda, bola wochitayo asapupulume.

Tinayamba Loweruka m'mawa, injini itazizira. Bambo maso awo anachita ng'ala, manambala ang'onoang'ono sawaonanso. Ine ndimaona bwino koma sipanala ndimaigwira ngati cholembera. Mng'ono wanga ndiye anali wamphamvu ndi wa changu. Tinachotsa mpando, thanki, ekizozi ndi kabuleta. Injini ya mtundu uwu ilibe tcheni chopita kumutu. Mavavu amatsegulidwa ndi timitengo tiwiri tachitsulo tochokera pansi, ndiye ntchito inapepukako. Titazula silinda yakale, bambo anatiimitsa. Anang'amba malaya awo akutha n'kutseka pakamwa pa injini ndi nsanzayo tisanakhudze kawaya kogwira pini ya pisitoni. Kawaya kameneko kamadumpha, ndipo kakagwera mkati ndiye kuti injini yonse iyenera kung'ambidwa pakati. Kathu kanadumphadi, n'kugwera pansanza paja. Palibe amene ananena kanthu.

Pa maring'i ndi pamene tinakangana. Mng'ono wanga ankafuna kungowaveka papisitoni poti ndi atsopano, anabwera m'katoni imodzi ndi silinda. Ine ndinagwirizana naye, chifukwa dzuwa linali litapendeka ndipo Lolemba anali ndi katundu wa anthu. Bambo anatenga ring'i yoyamba, kuilowetsa yokha m'silinda, kuikankha ndi pisitoni kuti ikhale mowongoka, kenaka anandipatsa timipeni tawo toyezera mpata.

"Peza ka 0.25, undipatse."

Kampeniko sikanalowe pakati pa nsonga za ring'i. Ka 0.20 nakonso kanakana. Kanalowa ndi ka 0.10. Chitsulo chikatentha chimafutukuka. Mpata ukachepa, nsonga ziwirizo zimagundana, ring'i imakanda silinda kapena kuthyoka, ndipo pisitoni ikhoza kugwira njinga ili paliwiro. Ndinaganiza za mng'ono wanga akutsika phiri ndi malita makumi asanu a dizilo kumbuyo, tayala lakumbuyo litauma mwadzidzidzi. Bambo anapanira tupa kakang'ono, namapala ring'iyo pang'onopang'ono. Akapala katatu ankaibweza m'silinda, ine n'kumawerenga nambala, iwo n'kumamva ndi zala mmene kampeni kakukokera. Ring'i ziwiri zinatidyera ola lathunthu.

Ntchito yanga ndi ya mawu, ndipo tsiku lonselo khutu langa linali pakamwa pa bambo. Akamayankhula ndi ife za kunyumba amagwiritsa Chichewa cha agogo, cha ku Dedza kumene sanakafikeko. Akapsa mtima chimatuluka Chishona. Koma akagwira chitsulo, pamabwera mawu a Chilapalapa, chiyankhulo chimene azungu ankalamulira nacho antchito m'migodi. Ndakhala ndikulemba kuti chiyankhulo chimenechi ndi chipsera cha utsamunda, ndipo sindinasinthe maganizo. Komabe ndi m'menemo mmene bambo anaphunzirira zonse zimene tsiku limenelo zinateteza mwana wawo. Ndinafuna kutenga foni kuti ndilembe mawuwo, koma manja anga anali oilo yekhayekha, ndipo iwo anali akudikira sipanala ya teni.

Zotsalazo zinayenda. Pisitoni tinaiika mbali yolembedwa IN italoza ku kabuleta. Mipata ya maring'i tinaitalikitsa kuti isayang'anizane. Tinapaka oilo m'silinda, kuitsitsa mosamala, kuika gasiketi, n'kumanga mutu mopingasa, pang'onopang'ono, kuti ukhale mofanana mbali zonse. Mavavu tinawasiyira mpata wa 0.08. Inalira pa kiki yachitatu, mawu ake okulirapo, ndipo ana a m'komboni anathamangira kudzaona.

Mng'ono wanga anazungulira nayo mpaka cha kumsewu wa ku Shamva n'kubwerera akumwetulira. Bambo anamuuza kuti amasule pulagi, ine ndiwauze mtundu wake. Inali yoyera ngati phulusa la nkhuni. Injini inali ikukoka mpweya wambiri pa petulo wochepa, ndipo injini yotero imatentha mpaka kuboola pisitoni. Petulo wa kuno amasakanizidwanso ndi ethanol wa nzimbe za ku Chisumbanje, nthawi zina mpaka magawo 20 pa 100, ndipo wotereyu amafunika wochulukirapo kuti moto ukhale wabwino. M'katoni muja munalibe jeti yaikulu ya kabuleta, ndipo wogulitsa uja sananditchulire n'komwe. Tinaipeza Lamlungu masana kwa makaniko wina wa ku Chipadze. Titayesanso, pulagi inatuluka yofiirira ngati tiyi wamkaka, bambo n'kugwedeza mutu.

Lamulo lawo linali lakuti makilomita 500 oyamba njinga iyende yopepuka, osaikoka mpaka kumapeto, ndipo oilo asinthidwe msanga chifukwa amatenga tizitsulo ta silinda yatsopano. Mng'ono wanga anavomera. Kenaka tikudya nsima madzulo anati, "Achimwene, ikatha 500 imeneyi, nditha kumanyamula zigubu zitatu."

Apa m'pamene ndinamva funso la bambo la pakhonde lija. Ine ndinagula silinda kuti iye asamakankhe njinga pachitunda. Iye anaonamo chigubu chachitatu, ndipo sindingamunene, chifukwa chigubu chachitatu ndi fizi ya mwana wake. Koma mabuleki ndi omwe aja, masipoko ndi omwe aja, msana wake ndi womwe uja. Bambo anasamba m'manja, nanena kuti pansi pa mgodi anaonapo anthu ambiri olimba amene ankapatsidwa katundu woonjezera chifukwa choti anali olimba. Anamuuza kuti mphamvu yatsopanoyo ndi ya chitunda, si ya katundu. Mng'ono wanga anati wamva.

Silinda yakale bambo sanalole kuti tiigulitse. Anaipaka oilo, kuikulunga m'pepala la simenti, n'kuiika m'bokosi lachitsulo limene agogo anasiya. Akuti yatsopanoyo ikadzatopetsa mabering'i tidzabwerera ku yakale. Ine ndinabwerera ku Harare Lolemba m'mawa. Masiku ano mng'ono wanga amanditumizira zithunzi pa WhatsApp ali pamwamba pa mapiri amene kale ankafikapo wapansi. Chithunzi chikafika ndimachikulitsa ndi zala, n'kuwerenga zigubu. Mpaka sabata yatha zinali ziwiri.