SITIMA ZAKULA, NYANJA YATALIKIRA

Chaka ndi chaka, mwezi wa November ukangofika, pa doko la Durban pano pamayamba kuoneka sitima zoyera zikuluzikulu zonyamula anthu opita kokapuma. Zimakhala kuno mpaka cha mu April, kenaka n'kubwerera ku Ulaya kukatsata nyengo yotentha ya kumeneko. Sitima zimenezi sizinyamula katundu ndipo sizifikitsa munthu kwawo; umakwera pa Durban, kuyenda masiku atatu kapena anayi, n'kudzatsikira pomwe unakwerera paja. Kwa ife amene tinakulira ku Nkhotakota, kumene munthu amakwera Ilala chifukwa ali ndi matumba a mpunga kapena wamva uthenga wa maliro ku Likoma, ulendo wotere ndi wachilendo ndithu. Komabe takhalitsa kuno, ndipo banja lathu lakwerapo kawiri: mu 2008 pa sitima yaing'ono yakale, ndi mu 2024 pa yaikulu yamakono. Popeza abale ambiri amatifunsa kuti yabwino ndi iti asanatulutse ndalama zomwe asunga movutikira, tati tilembe zimene tinaona.

Tiyambe ndi kukulako, chifukwa munthu amene sanaone sangakhulupirire msanga. Kukula kwa sitima amakuyeza m'matani, koma matani ake si a kulemera ngati a chimanga ayi. Ndi muyeso wa malo onse otsekeka amene ali m'kati mwake. Titanic ija inamira mu 1912 inali ya matani 46,000 ndi pang'ono, ndipo dziko lonse linkaizizwa. Mu 1988 kunabwera Sovereign of the Seas ya matani 73,000, anthu nati apa ndiye pathera nzeru. Koma Icon of the Seas, imene inayamba maulendo ake ku Miami mu January 2024, ndi ya matani pafupifupi 250,000, yotalika mamita 365, ndipo ikadzaza imanyamula alendo 7,600 komanso antchito 2,350. Ilala yathu ndi yotalika mamita 52. Mutandandalika ma Ilala asanu ndi awiri, mphuno kumchira, ndiye kuti mwangokwanitsa utali wa sitima imodziyi. Pa sitima ina ya kampani yomweyo, Oasis of the Seas, boti limodzi lopulumukiramo pangozi limalowa anthu 370, pafupifupi chiwerengero chimene Ilala yonse inapangidwira kunyamula.

Kuno ku Durban zimphona zoterezi sizinafike, koma kukulako takuona ndi maso athu. MSC Melody imene inkabwera zaka za m'ma 2000 inali ya matani 35,000. Mu 2018 kunafika MSC Musica ya matani 92,000, ndipo mu 2023 MSC Splendida ya matani 138,000, yotalika mamita 333. Malo okwerera nawonso anasintha. Kale tinkadikira m'chishedi cha katundu chotchedwa N Shed, pamene tsopano pali nyumba yatsopano ya dzina la Nelson Mandela, imene Pulezidenti Cyril Ramaphosa anatsegulira mu November 2023.

Sitima yathu yoyamba ija inanyamula anthu pafupifupi 1,500. Kunena zoona sinali yokongola. M'makonde mwake munali mopanikiza, mukumveka kafungo ka utoto ndi mafuta a injini, ndipo chipinda chathu chinali ndi kazenera kozungulira kosatseguka, mafunde akumakamenya usiku. Ukagona unkamva injini ikugunda pansi pa msana. Komatu nyanja inali pafupi. Paliponse pamene munthu waima, ukayenda pang'ono unkatulukira panja, mphepo yamchere n'kukuwomba kumaso. Panali khonde lalitali m'mbali mwake pamene tinkakhala m'mawa ndi makapu a tiyi, madzi ali pansi pomwepa, tinsomba touluka tikuthawa kutsogolo kwa sitima. Ana athu, amene nthawi imeneyo anali a pulayimale, anaona ma dolphin koyamba ali pa khonde limenelo, ndipo mpaka lero akamakamba za ulendo uja amayambira pamenepo.

Chinanso chimene sitiiwala ndi anthu. Madzulo aliwonse tinkadyera pa tebulo lomwelo, wotiperekera chakudya ali yemweyo, mnyamata wa ku Indonesia. Tsiku loyamba atamva mayina a ana anatipatsa salamu, ndipo kuyambira pamenepo ankatinong'oneza tisanafunse kuti mbale iyi muli nkhumba, msuzi uwu athiramo vinyo, nsomba iyi idyani mtima uli m'malo. Ndi iyeyo amene anatiuza kuti popita ku Mozambique Qibla imakhala pafupifupi kumene sitima yaloza, ndipo pobwerera imakhala kumbuyo. Pofika tsiku lachitatu nkhope zambiri tinali titazidziwa. Banja lina la ku Pietermaritzburg limene tinakhala nalo tebulo loyandikana timayenderana nalo mpaka pano. Mwana akasowa sitinkada nkhawa, poti malo oti n'kukhalako anali anayi kapena asanu basi, ndipo wina aliyense ankatha kukuuza kuti kamtsikana kanu kaja kali ku dziwe losambira.

Vuto lake linali kugwedera. M'mphepete mwa gombe la KwaZulu-Natal mumadutsa mkokomo wamphamvu wa madzi wotchedwa Agulhas, wolowera kumwera, ndipo mphepo ya kumwera ikakumana nawo mafunde amaima ngati zitunda. Amene anakumanapo ndi mwera pakati pa Nkhotakota ndi Likoma akudziwa zimene tikunena, kungoti uku n'kuwirikiza. Usiku wobwerera theka la matebulo linali lopanda anthu.

Ulendo wachiwiri tinapita anthu khumi ndi mmodzi: ife awiri, ana ndi mabanja awo, adzukulu, ndi Amayi athu okalamba amene tsopano amayenda ndi ndodo. Sitimayo inanyamula alendo oposa 3,000. Polowa munthu umaona ngati walowa m'hotela yaikulu kapena mu Gateway ku Umhlanga: masitepe onyezimira, zikepe zagalasi, mashopu a mawotchi ndi mafuta onunkhira, nyimbo mbali zonse. Chipinda chathu chinali ndi kakhonde kakekake, chinthu chimene pa sitima zakale chinali cha anthu olemera okha. Kugwedera kunali kochepa kwambiri, chifukwa sitima yotalika imakhala pa mafunde angapo nthawi imodzi, komanso ili ndi zipsepse zachitsulo pansi pa madzi zoichirikiza. Amayi sanadwale ngakhale tsiku limodzi.

Koma tsiku lachiwiri madzulo mmodzi wa adzukulu anafunsa kuti, “Agogo, kodi sitimayi inyamuka liti?” Mwanayo anali atakhala tsiku lathunthu pakati pa nyanja ya Indian osadziwa kuti akuyenda. Tinaseka, koma funsolo linali ndi nzeru. Pa sitima yaikulu zonse zimayang'ana m'kati. Malo abwino apakati aperekedwa ku mashopu, malo omwera mowa ndi nyumba ya juga, ndipo njira zambiri zochokera kodyera kupita koonera masewero zimadutsa m'menemo. Ukafuna kuona madzi uyenera kukwera pamwamba penipeni, pamene nyanja imaoneka patali ngati ukuiona uli pa phiri, fungo lake osalimva.

Zimenezi sizinangochitika mwangozi, ndipo ndi bwino kuti wogula tikiti azimvetse. Sitima ya anthu 4,000 imafuna kaputeni mmodzi monga momwe imafunira ya anthu 1,000, ndipo mafuta amene imamwa sachulukana kanayi. Choncho mtengo wonyamulira munthu mmodzi umatsika, kampani n'kutha kugulitsa tikiti motchipa kuti zipinda zonse zidzaze. Phindu lenileni amalipeza munthu uli kale m'kati: zakumwa, juga, zithunzi, intaneti, malo odyera apadera, maulendo a pamtunda. Ndalama yogwirika siyenda m'menemo. Kakhadi kotsegulira chipinda ndi komweko kogulira zinthu, ndipo munthu umangokagunditsa osamva kuwawa mpaka tsiku lotsika pamene chikalata cha ngongole chifika. Makolo achenjere ndi makhadi a ana. Palinso ndalama ya antchito imene makampani ambiri amawonjezera pa munthu aliyense usiku uliwonse, imene ena saiwerengera pokonza bajeti.

Pali mfundo ina imene tinakambirana kwa nthawi yaitali tili pa kakhonde kathu kaja. Ife amene sitimwa ndiponso sititchova juga timakwera motchipa chifukwa ena akumwa ndi kutchova. Tikiti yathu yachepetsedwa ndi ndalama za bambo uja tinkamuona pa makina a juga m'mawa ndi madzulo, mkazi wake atakhala yekha kunja. Sitinagwirizane kuti tiziganiza zotani pa nkhaniyi, koma titaizindikira sinatichokenso m'mutu.

Chimene chinatikhudza koposa n'chakuti tinapita kuti tikakhale pamodzi, koma kukula kwa malo kunatimwaza. Anyamata ali ku masewera, adzukulu ku chipinda cha ana, atsikana ku mashopu, aliyense ndi ndandanda yake. Kuchokera ku chipinda cha Amayi kukafika kodyera unali ulendo woti okalamba apumire panjira kawiri. Masana onse tinkangophonyana m'zikepe, n'kudzakumana usiku aliyense atatopa. Antchito anali aulemu ndi akhama monga a poyamba paja, koma munthu amene akutumikira mazanamazana sangasunge dzina la mwana wako.

Kukula kumasinthanso kumene sitima ingafike. Maulendo ambiri afupiafupi ochokera ku Durban amapita ku Portuguese Island, kachilumba kamchenga pafupi ndi Inhaca kunja kwa Maputo. Kumeneko kulibe doko. Sitima imaponya nangula patali, anthu n'kumatengedwa pang'onopang'ono pa timaboti, monga momwe Ilala imachitira pa Nkhotakota. Kutsitsa anthu 1,500 motere ndi ntchito ya m'mawa. Kutsitsa 3,000 kumadya gawo lalikulu la tsiku, ndipo mchenga womwewo umachepa. Ku Ulaya mizinda ina inatopa nazo. Kuyambira mu August 2021 boma la Italy linaletsa sitima zoposa matani 25,000 kudutsa pakati pa mzinda wa Venice. Makampani ena akonza zilumba zawozawo, monga CocoCay ya Royal Caribbean ku Bahamas, kumene mlendo amatsika koma osakumana ndi mudzi wa eni dziko.

Tsono wina asaganize kuti zakale zonse zinali zabwino. Amene anali kuno mu 1991 akukumbukira Oceanos, sitima yopangidwa mu 1952, imene inamira pa 4 August pafupi ndi Coffee Bay ikuchokera ku East London kubwera ku Durban. Madzi analowa ku chipinda cha injini, magetsi n'kuzima, kenaka madziwo anakwera kudzera m'mapaipi a zonyansa n'kumatulukira m'zimbudzi ndi m'mabafa. Kaputeni ndi ena mwa akuluakulu ake anachoka alendo ambiri akadali m'sitima, ndipo amene anatsala kutsogolera anthu anali oimba ndi osangalatsa alendo, monga Moss Hills woimba gitala. Anthu onse 571 anapulumuka, ena mwa iwo atanyamulidwa ndi ma helikopita a asilikali a South Africa. Patapita zaka zitatu, mu 1994, Achille Lauro ya 1947 inapsa n'kumira kufupi ndi Somalia ikubwera kuno. Chimene chinapha sitima zimenezi ndi ukalamba ndi kusasamalidwa, osati kuchepa. Malamulo a chitetezo anakhwima, makamaka a moto amene anafika pachimake mu 2010, ndipo sitima zambiri zakale zinasiya ntchito chifukwa kuzikonza kunali kodula. Komabe kukula nakonso si chishango. Costa Concordia inali ndi zaka zosakwana zisanu ndi chimodzi pamene inagunda mwala pa chilumba cha Giglio mu January 2012 ili ndi anthu oposa 4,200, ndipo 32 anafa. Kuyambira pamenepo alendo amaphunzitsidwa za malo othawirako sitima isananyamuke. Phunziro limenelo musalithawe, ndipo ana mupite nawo.

Sitima zonga yathu yoyamba ija zatsala zochepa. Melody inakaphwasulidwa ku Alang m'dziko la India mu 2018. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utaimitsa maulendo onse, Sovereign ija inali chimphona cha 1988 inakokeredwa pa gombe la Aliağa ku Turkey n'kudulidwa zidutswazidutswa pamodzi ndi zinzake zambiri. Zing'onozing'ono zatsopano zikupangidwabe, koma ndi za anthu a ndalama zambiri, mitengo yake yosayerekezeka ndi thumba la banja ngati lathu. Choncho kwa munthu wamba, “yaing'ono” lero ndi sitima ya anthu pafupifupi 2,000 yopangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, imene itangotuluka inkatchedwa yaikulu.

Ife awiri mtima wathu uli ku yoteroyo, ndipo chaka chimene idzatumizidwe ku Durban ndi chimene tikufuna kudzakweranso. Titanena zimenezi pa chakudya cha Lamlungu, Amayi anaika supuni pansi nati, “Inu ana inu, nyanja ndinaiona kokwanira ku Nkhotakota. Ine mundipezere ya zikepe ija, yosagwedera.” Adzukulu anaombera m'manja, poti iwo akufuna matsetserekero a m'madzi. Tagwirizana kuti tifunse kaye ngati ya pakatikatiyo ili ndi chipinda choyandikana ndi chikepe ndiponso chapakati pa sitima, pamene kugwedera kumachepa. Ndalama zikusungidwabe mwezi ndi mwezi, ndipo mwana wathu wamkulu ndiye akusunga buku lake.