Madzi Sakumbukira Amene Anapambana Kale

Abale ndi alongo, ife amene tinakulira kufupi ndi mtsinje wa Revúbuè sitikumbukira tsiku limene tinaphunzira kusambira. Nthawi ya chilimwe, madzi akaphwera, tinali kupikisana kuti tione amene ayambe kugwira mchenga wa kutsidya, ndipo kawirikawiri woyambayo tinali ife. Ulemu umenewo tinausunga mumtima zaka zambiri monga munthu asungira chikalata m'bokosi, osadziwa kuti njenjete zinalowamo kale.

Chaka chatha anyamata ena a kuno ku 25 de Setembro anatiputa mwaulemu nati, "Abusa, timamva kuti kale munali katswiri. Kodi n'zoona?" Tinavomera mpikisano mosaganiza kawiri. Chiyambi chinali chabwino, pakuti manja anali asanaiwale ntchito yawo. Koma tisanafike pakati mpweya unatithera, katumba anakokana, ndipo tinayamba kumwa madzi. Mnyamata wina, wa msinkhu wa mwana wathu woyamba, ndiye anabwerera nadzatigwira pamkono. Anyamatawo sanaseke, koma kukhala chete kwawo kunatipweteka koposa chiseko.

Usiku umenewo tinadzifunsa mafunso. Luso linalipo ndithu. Chimene chinatha ndi mphamvu ya mtima ndi mapapo, imene simakhala mwa munthu wongokumbukira zakale. Nanga nthawi yoibwezera tikanaipeza kuti? Sabata yathu imathera m'maliro, m'maulendo oona odwala ndi pa msewu wopita ku Zóbuè. Ambiri a inu muli chimodzimodzi: wina ku mgodi wa malasha, wina kumsika, wina kumunda.

Chinatilimbitsa mtima ndi nkhani ya Dara Torres wa ku America. Mu 2008, ali ndi zaka 41 komanso mwana wamng'ono pakhomo, iye anapata mendulo zitatu za siliva pa masewera a Olimpiki ku Beijing. Sanayese kuchita zonse zimene ankachita ali mtsikana. Anachepetsa maulendo olowa m'madzi, nasamala kwambiri za kuongola minofu ndi kupumitsa thupi. Ife sitidzapita ku Olimpiki, koma phunziro lake tinalitola: munthu wamkulu asayeze kukonzekera kwake ndi kuchuluka kwa maola, koma ndi kusalumpha masiku amene anadziikira.

Tsopano tinapatula mmawa wa masiku awiri pa sabata, mphindi 30 zokha. Timayamba pang'onopang'ono kuti thupi lifunde, kenaka timasambira mwamphamvu mtunda waufupi, n'kupuma, n'kubwerezanso kangapo. Masiku ena onse timayenda mofulumira ndi kuongola mapewa tisanayambe ntchito. Patapita miyezi itatu tinaona kuti befu wachepa. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Tinadziikiranso malamulo amene tili anyamata tikadawaseka. Sitilowa m'madzi tili tokha. Sitiyandikira mtsinje nthawi ya dzinja, kapena pamalo pamene eni dera anaonapo ng'ona. Pamene tapeza kangachepe timalipira pa dziwe lomangidwa la mumzinda wa Tete, kumene kulibe ng'ona kapena likodzo.

Wina angafunse kuti munthu wa imvi zoyamba akuvutikiranji ndi zachibwana. Tonse tikukumbukira Januwale wa 2022, pamene namondwe Ana anadzaza Revúbuè mpaka mlatho wolumikiza Moatize ndi Tete unaduka, ndipo anthu anatengedwa ndi madzi. Palibe katswiri amene angalimbane ndi madzi otero, ndipo nzeru yoyamba ndi kusalowamo. Koma mwana akaterereka padooko, kapena bwato likagubuduka pafupi ndi gombe, amene adzalumphiremo ndi bambo amene amadziwa mumtima mwake kuti amatha kusambira. Ngati chidziwitso chimenecho chili cha zaka 25 zapitazo, maliro adzakhala awiri.

Anyamata aja tinapikisana nawonso mwezi watha. Tinafika kutsidya achinayi mwa asanu ndi mmodzi, tikupuma bwino, popanda wotigwira pamkono. Amayi kunyumba anati zimenezo n'zokwanira kwa munthu wa msinkhu wathu, ndipo sitinawatsutse. Lachiwiri likudzali, tambala akalira kachiwiri, tidzakhala tili panjira ya kumadzi.